Moyo wa Volontiya Wochokera Kunja M'mudzi wa ku Malawi

Mavolontiya ochokera kunja ndi anthu amene amasiya kwawo n'kudzakhala m'dziko la eni kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, akugwira ntchito yopanda malipiro enieni. Mabungwe odziwika kwambiri amene amawatumiza ku Malawi alipo atatu. La VSO lidayamba ku Britain mu 1958. La Peace Corps adaliyambitsa mu 1961 ndi mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy. La ku Japan, lomwe lili pansi pa JICA, lidakhazikitsidwa mu 1965 ndipo lidatumiza anthu ake oyamba ku Malawi mu 1971. A VSO kawirikawiri amakhala akatswiri oti agwirapo kale ntchito kwa zaka zambiri, motero amapezeka m'makoleji, m'zipatala za pa boma ndi m'maofesi. Amene amalowa m'mudzi mwenimweni, n'kumagona m'nyumba yopanda magetsi ndi kutunga pamjigo umodzi ndi anthu, nthawi zambiri ndi a Peace Corps. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi, ndiye kumeneko n'kumene bungweli limatumiza anthu ake ambiri.

A Peace Corps adafika koyamba mu 1963, dziko lino likadali Nyasaland, patatsala chaka chimodzi kuti lilandire ufulu wodzilamulira. Oyambirirawo ambiri adali aphunzitsi a sekondale. Mmodzi mwa iwo, Paul Theroux, yemwe pambuyo pake adatchuka ndi kulemba mabuku, adaphunzitsa ku Soche Hill pafupi ndi Limbe, ndipo adathamangitsidwa mu 1965 chifukwa chothandiza anthu amene adasemphana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda pa mkangano wa nduna wa mu 1964. Wina, Jack Allison, ankagwira ntchito ya zaumoyo wa ana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo adapeka nyimbo ya "Ufa wa Mtedza" imene idamveka kwambiri pa wailesi ya MBC, yolimbikitsa amayi kutsira nsinjiro m'phala la ana. Awiriwa ndi amene mayina awo amakumbukika. Enawo, omwe ndi ochuluka zedi, adabwera, adagwira ntchito, n'kubwerera kwawo osatchukapo.

Volontiya wa Peace Corps amayenera kukhala nzika ya America ya zaka 18 kapena kuposerapo, ndipo ambiri amakhala achinyamata ongomaliza kumene yunivesite, ngakhale opuma pantchito nawonso amabwera. Nthawi yonse yokhala kuno ndi miyezi 27: pafupifupi itatu ya maphunziro, kenako zaka ziwiri za ntchito. Maphunzirowo amachitikira kumudzi, ndipo aliyense amapatsidwa banja loti azikhala nalo. Masana amaphunzira chilankhulo cha dera limene adzatumizidwe, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chitonga, pamodzi ndi za ntchito yake. M'mawa ndi madzulo mphunzitsi wake ndi mayi wa pakhomopo. Mayiyo ndi amene amamuonetsa kusonkha moto pamafuwa, kuchapa m'beseni, kusamba ndi chikho m'bafa ya udzu, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kugwada kapena kunjuta polankhula ndi akulu.

Nsima ndiyo imavuta ophunzira ambiri. Madzi akafunda amathiramo ufa pang'ono kuti likhale phala, phalalo n'kuwira, ndiye nthawi yovundula imafika. Apa m'pamene mlendo amagonja. Poto amaterereka pamafuwa chifukwa sadziwa kumupanikiza, utsi ukumulowa m'maso, mthiko ukulemera pamene ufa ukuwonjezeka, ndipo akapumira pang'ono nsima imachita mibulu kapena kupserera pansi. Ana a pakhomo amaima chapatali n'kumaseka, mayi n'kulanda mthiko, kuvundula kangapo kokha, nsima n'kusalala. Munthu amene ali ndi digiri m'thumba amazindikira tsiku limenelo kuti mtsikana wa Sitandade 5 akumuposa pa ntchito zonse zimene zimasunga munthu ndi moyo kumudzi. Maphunzirowo akatha amayesedwa chilankhulo, amalumbiritsidwa, kenako galimoto ya bungwe imakatula aliyense kumudzi kwake ndi matiresi, ndowa, njinga yakapalasa ndi bokosi la mankhwala.

Nyumba amakonza ndi eni dera: sukulu, chipatala chaching'ono kapena mfumu ndi anthu ake. Mphunzitsi amapatsidwa imodzi mwa nyumba za aphunzitsi. Enawo amakhala m'mudzi, m'nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri kapena zitatu, yamalata kapena yaudzu, yokhala ndi chimbudzi chokumba, bafa ndi khitchini panja. Bungwe limaonetsetsa kuti zitseko ndi mawindo n'zolimba. Miyezi itatu yoyambirira volontiya amauzidwa kuti asayendeyende ndipo asathamangire kuyambitsa chitukuko chilichonse. Ntchito yake pa nthawiyi ndi kudziwana ndi anthu: kukaonekera kwa nyakwawa ndi a gulupu, kwa mphunzitsi wamkulu, kwa alangizi, kwa abusa ndi mashehe, ndiponso kudziwa tsiku la msika, njira ya kuchigayo ndi malo amene foni imagwira netiweki. Achinyamata ambiri amaona ngati miyezi imeneyi ikungotayika. Sitayika ayi, chifukwa amene amaidumpha ndi amene amadzaitanitsa misonkhano yopanda anthu.

Tsiku limayamba tambala atalira kachiwiri. Pofika 5 koloko amayi oyandikana nawo ayamba kale kusesa pabwalo, ndipo khomo losasesa limaoneka, limakambidwanso. Kenako ndi madzi. Pamjigo pamakhala mzere wa ndowa, ndipo ngakhale amayi amakonda kumupatsa mpata mlendo kuti atunge msanga, volontiya wochenjera amakana n'kudikira nawo, poti pamjigo m'pamene nkhani za m'mudzi zimamvekera ndipo chilankhulo chimaphunziridwa mwachangu kuposa m'buku. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Ena amaphunzira kusenza ndi nkhata, madzi akuwatayikira kumsana. Ena amamangirira zigubu panjinga. Ambiri amalemba ganyu mwana wa sukulu kapena mayi woyandikana naye, zomwe eni mudzi saziona zachilendo chifukwa zimabweretsa kandalama pakhomo lina. Madzi akumwa amawasefa, kuwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala. Mbaula imafuna nthawi kuti makala agwire, ndiye kadzutsa amakhala wachidule: tiyi ndi mbatata, phala, nthochi kapena mandasi a pamsika.

Ulendo wa kuntchito, ngakhale utakhala waufupi, umatenga nthawi chifukwa cha moni. Munthu sadutsa pakhomo la mnzake osafunsa kuti adzuka bwanji, ndipo yankho limabwera ndi mafunso ena, za kunyumba, za ulendo, za mvula. Volontiya amene amangokweza dzanja ali panjinga amatchedwa wonyada tsiku lomwelo. Ana amathamangira kumsewu akukuwa kuti "Mzungu! Mzungu!", ndipo kukuwako kumatha pokhapokha akalidziwa dzina lake, kaya lenileni kapena limene anthu amupatsa. Ambiri amapatsidwa mfunda wa banja limene lidawalandira, n'kumatchedwa aNaphiri, aNabanda kapena Nyagondwe mpaka tsiku lobwerera.

Ntchito yeniyeni imatengera gawo limene munthu wabwerera, ndipo magawo akuluakulu akhala a maphunziro, zaumoyo ndi zachilengedwe. Wa maphunziro ndiye ali ndi tsiku looneka mutu wake. Amaphunzitsa pa sekondale yoyendera, imene anthu amangoti CDSS, nthawi zambiri Chingerezi. Phunziroli ndi lolemera chifukwa mwana akalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE satifiketi sapata, ngakhale atakhoza bwino maphunziro enawo. M'kalasi ana amakhala ochuluka, mabuku ochepa, ndipo buku limodzi limagwiridwa ndi ana angapo. Masabata oyamba ana samumva mphunzitsi watsopanoyo chifukwa Chingerezi cha ku America chimameza zilembo, ndipo akafunsa ngati amva onse amayankha kuti eya, mwaulemu chabe. Amaphunzira kulankhula pang'onopang'ono, kulemba zambiri pabolodi ndi kuponyamo Chichewa pofotokoza. Amakumananso ndi zinthu zimene kwawo sadazione: ana oyenda mtunda wautali opanda chakudya m'mimba, ana obwezedwa chifukwa cha fizi, chilango chotchetcha udzu nthawi ya phunziro, ndi mipando ya atsikana imene imayamba kukhala yopanda anthu pofika Fomu 3. Lamulo la mu 2015 lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo malamulo aakulu a dziko adasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo, koma mimba ndi maukwati a ana sizidathe. N'chifukwa chake mavolontiya ambiri amayambitsa makalabu a atsikana ndi kutumiza ena ku misasa ya atsikana yotchedwa Camp GLOW pa tchuthi.

Wa zaumoyo amagwira ntchito pa chipatala chaching'ono, limodzi ndi alangizi a zaumoyo. Tsiku la sikelo amathandiza kuyeza ana pa sikelo yopachika pamtengo, kulemba m'mabuku ndi kuphunzitsa amayi za kasinthasintha wa zakudya, za neti ya udzudzu ndi za kusamba m'manja. Amakumana ndi magulu a achinyamata ndi a anthu amene ali ndi HIV. Saloledwa kubaya jakisoni kapena kulembera munthu mankhwala, popeza si dokotala, koma kumudzi mzungu wopezeka pachipatala amatengedwa ngati dokotala basi, ndipo anthu amagogoda pakhomo pake usiku ndi mwana wotentha thupi. Chimene angachite ndi kuwaperekeza kwa amene ali ndi udindowo.

Wa zachilengedwe alibe belu kapena ofesi. Amatumizidwa kumidzi yoyandikana ndi nkhalango ndi malo osungirako nyama, ndipo amagwira ntchito ndi alangizi a zankhalango ndi zaulimi pa nazale za mitengo, manyowa, ming'oma ya njuchi, madimba ndi mbaula zosatha nkhuni zambiri monga chitetezo mbaula. Ntchito yake yonse imadalira misonkhano, ndipo msonkhano wa kumudzi uli ndi malamulo ake. Woitanidwa 2 koloko umayamba anthu akaweruka kumunda, akasamba ndi kudya, ndipo suyamba mfumu isanakhale pansi. Pali vuto linanso limene volontiya amalipeza litamera kale mizu. Mabungwe ambiri adazoloweretsa anthu kulandira alawansi ndi zakumwa pa maphunziro alionse, ndiye munthu wobwera chimanjamanja, ndi nzeru zokha, amaona anthu akuchepa pa msonkhano wachiwiri. Otsalawo, kaya ndi asanu okha, ndi amene amagwira nawo ntchito zaka ziwirizo.

M'magawo onsewa muli munthu mmodzi wofunika kuposa wina aliyense: mnzake wa pantchito wa m'dera lomwelo, kaya ndi mphunzitsi, mlangizi kapena mlimi wachitsanzo. Iyeyu ndi amene amamasulira, amene amadziwa mfumu yoyenera kuyamba kuiona, amene amanong'oneza kuti mawu awa sanenedwa pamaso pa apongozi. Salandira malipiro owonjezera, ndipo dzina lake silimveka kawirikawiri nkhani ya chitukukocho ikamakambidwa kunja.

Masana dzuwa likatentha ntchito imaima. Chakudya ndi chomwecho cha anthu onse: nsima kapena mpunga, nyemba, usipa, mazira, soya, nkhwani, mpiru, ndipo nyama ndi ya apo ndi apo. Pamsika mtengo umakwera mlendo akafika, mpaka ogulitsa atazolowera kuti ameneyu amanenerera m'Chichewa ndipo amapempha basera ngati wina aliyense. Anthu oyandikana naye amamuitanira nsima pafupipafupi, ndipo kukana kawirikawiri kumaoneka ngati kunyoza. Chimene chimadabwitsa eni mudzi kwambiri ndi chizolowezi cha alendowa chodzitsekera m'nyumba okhaokha n'kumawerenga buku. Kumudzi munthu wokhala yekha masana ndiye kuti akudwala kapena wakhumudwa, motero anthu amabwera kudzamuzonda, pamene iye amafuna kupuma. Pakhonde pake sipasowa ana ofuna mpira, makrayoni kapena kungomuyang'ana.

Maliro amaimitsa chilichonse. Uthenga ukamveka, msonkhano umalephereka, kumunda sikupitidwa, ndipo volontiya amayembekezeka kupezekapo ngakhale womwalirayo sankamudziwa. Wamkazi amavala chitenje ndi mpango n'kukakhala pansi ndi amayi kusiwa kapena kothandiza kuphika. Wamwamuna amakhala ndi abambo panja. Amaponya chipepeso m'mbale, dzina lake n'kuwerengedwa pamodzi ndi ena onse, n'kuperekeza mpaka kumanda. Wodutsa panjinga pamsewu pamene paikidwa masamba amatsika n'kuyenda pansi. Palibe chimene chimamulowetsa mlendo m'mudzi msanga kuposa kuoneka pamaliro, ndipo kujomba kwake anthu amakukumbukira nthawi yaitali kuposa phunziro lililonse limene adaphunzitsa. M'madera a Achewa amaphunziranso kupatuka gule wamkulu akamadutsa, kusajambula popanda chilolezo ndi kusayandikira kudambwe.

Nkhani ya ndalama ndi yovuta mbali zonse. Volontiya amalandira kandalama ka mwezi ndi mwezi kongokwanira chakudya, mayendedwe ndi mayunitsi, n'cholinga choti azikhala mofanana ndi anthu amene akuwatumikira. Komabe sali wofanana nawo, ndipo anthu amadziwa. Akadwala kwambiri galimoto imabwera kudzamutenga, mwina mpaka kumukweza ndege. Akatopa nazo akhoza kubwerera kwawo. Akamaliza zaka zake amalandira ndalama yoposa madola 10,000 yoti akayambire moyo. Choncho opempha sasowa: fizi, feteleza, thiransipoti ya kuchipatala, ngongole yobweza pokolola. Akapatsa mmodzi, mawa pabwera khumi; akakana onse, amatchedwa woumira pakati pa anthu amene amamupatsa maungu ndi chimanga chachiwisi kwaulere. Vutoli limakula mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha chimanga chatsopano chisanache, pamene fungo la mazira okazinga kukhitchini kwake limafika kwa anansi amene agona ndi njala. Aliyense amapeza njira yake. Ena amapereka ganyu m'malo mwa ndalama yaulere, ena amalipirira mwana mmodzi sukulu mwakachetechete kudzera kwa mphunzitsi wamkulu.

Si onse amene amalandiridwa mofanana. Volontiya wakuda wa ku America amavutika kukhulupiritsa anthu kuti ndi Mmereka, ndipo ena amamudabwa kuti bwanji sadziwa Chichewa. Wa makolo a ku Asia amangotchedwa Mchaina. Akazi, omwe amakhala ochuluka m'magulu ambiri, amafunsidwa tsiku ndi tsiku chifukwa chake sadakwatiwe, ndipo amayenera kusamala kavalidwe. Lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi lidathetsedwa mu 1993, koma kumudzi siketi yopitirira maondo kapena chitenje ndiye chovala chaulemu mpaka lero. Funso lakuti amapemphera mpingo uti limabwera sabata yoyamba, ndipo yankho lakuti sapemphera limasowetsa anthu chonena.

Matenda amene bungwe limaopa kwambiri ndi malungo, popeza alendowa matupi awo sadawazolowere. Amamwa mankhwala oteteza nthawi yonse imene ali kuno, ena tsiku lililonse, ena kamodzi pa sabata, ndipo amagona m'neti. Kutsegula m'mimba ndiye kumagwira pafupifupi aliyense. Osambira m'nyanja ya Malawi amachenjezedwa za likodzo. Madokotala a bungwe ali ku Lilongwe ndipo amalankhula nawo pafoni. Pa mayendedwe malamulo ndi okhwima: saloledwa kuyendetsa galimoto, ndipo wokwera njinga wopanda chipewa choteteza mutu akhoza kubwezedwa kwawo. Ulendo wa ku boma kukatapa ndalama ndi kugula zosowa umakhala wa njinga mpaka pamsewu waukulu, kenako minibasi kapena matola, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza ulendowo umalephereka.

Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo pofika 8 koloko mudzi wagona. Volontiya amasamba, kudya, kuchonga makope ndi nyali ya sola, mileme ndi makoswe zikuchita phokoso kudenga. A m'zaka za m'ma 1960 ankadikira kalata kwa masabata. A masiku ano amatchaja foni ndi sola n'kumalankhula ndi makolo awo pa WhatsApp. Izi zachepetsa kusungulumwa, koma zachepetsanso nthawi yokhala pamphasa ndi anansi, ndipo amene amagonera pafoni chilankhulo chimamuvuta mpaka kumapeto. Amapatsidwa masiku awiri a tchuthi pa mwezi uliwonse, omwe ambiri amasunga kuti akakwere phiri la Mulanje, akaone nyanja kapena mayiko oyandikana nawo. Ena amalephera kupirira n'kubwerera zaka ziwiri zisanathe.

Phindu la zonsezi anthu amaliona mosiyana. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti munthu wochokera kutali amatha kufunsa funso limene eni ake adaleka kufunsa. Alipo Amalawi ambiri, ena a maudindo akuluakulu, amene amakumbukira mphunzitsi wa Peace Corps amene adawapatsa buku loyamba kapena kuwalimbikitsa kuti asasiye sukulu. Koma otsutsa nawonso ali ndi mfundo. Wachinyamata wa zaka 23 amene sadalimepo sangaphunzitse ulimi mayi amene wadyetsa banja ndi khasu kwa zaka 30, ndipo m'dziko muno muli aphunzitsi ophunzitsidwa bwino amene akusowa ntchito. Theroux mwiniwake, atabwereranso ku Soche Hill patapita zaka zambiri, adalemba m'buku lake la mu 2002, Dark Star Safari, mokhumudwa ndi mmene sukuluyo idaonongekera, ndipo adakayikira ngati thandizo lochokera kunja limasintha zinthu. Zimene zimaoneka m'midzi n'zakuti laibulale kapena nazale imene idali maganizo a mlendo yekha imafa iye akangochoka, pamene banki mkhonde kapena kalabu imene eni ake adaifuna imapitirira. Bungwe la Peace Corps lenilenilo silinena kuti cholinga chake ndi chitukuko chokha. Mwa zolinga zake zitatu, chimodzi ndi kupereka anthu aluso, ndipo ziwiri zinazo ndi zakuti anthu a mayiko ena awadziwe Amereka, Amerekanso awadziwe anthu a mayiko ena.

Miyezi yomaliza imatha ndi kulemba malipoti, kusiya ntchito m'manja mwa mnzake wa pantchito ndi kugawa katundu. Matiresi, mapoto, ndowa ndi sola zimakhala ndi eni ake kale m'maganizo a anthu, ndipo kugawa kosakondera kumafuna nzeru za mfumu kapena mphunzitsi wamkulu. Pamakhala mwambo wotsanzikana, zolankhula, magule ndi mphatso za chitenje, mtedza kapena nkhuku. Midzi ina imalandira volontiya wina m'nyumba yomweyo, yemwe amayamba ndi kuyerekezeredwa ndi mnzake adachokayo pa chilichonse, kuyambira kaphikidwe mpaka kalankhulidwe. Kutsanzikana kotereku kudasoweka mu Malichi 2020, pamene mliri wa COVID-19 udachititsa bungweli kubweza mavolontiya ake onse padziko lapansi, pafupifupi 7,000, m'masiku owerengeka, ambiri osapeza mpata wolawira ngakhale kwa mfumu. Adayambanso kutumizidwa mu Malichi 2022, ndipo Zambia idali limodzi mwa mayiko awiri oyamba kuwalandira.